Penti adikire, a ku Zemba akufuna mabuleki

Pali mtundu wina wa motoka umene simudzauona pa Cairo Road, koma uli pafupifupi m'komboni iliyonse. Ku Chawama, ku Matero, ku Mtendere, ngakhale ku Kapata ndi ku Mchini ku Chipata, mudzaipeza itakhala pa njerwa kuseli kwa nyumba, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Kawirikawiri imakhala Pajero, Hilux Surf, Prado yakale kapena Isuzu Bighorn. Mwini wake anaigula motchipa kwa munthu amene inamutopetsa, ndipo mukamufunsa adzakuuzani kuti yatsala pang'ono chabe, Ogasiti uno apita nayo kumudzi, mwinanso mpaka ku Kulamba ku Mkaika.

Ine sindili m'gulu la amene amaseka anthu amenewa. Munthu wa ku Zemba, m'boma la Chadiza, amadziwa chimene kamotoka ngati Vitz kamachita kakakumana ndi mseu wa dothi mu Febuluwale. Pansi pake pamagunda, matayala amangozungulira pamalo amodzi, mapeto ake mukuchonderera ng'ombe za eni ake kuti zikukokeni. Kumeneko motoka yokwera, yokoka ndi matayala onse anayi, ndi chida ngati khasu. Yatsopano mphunzitsi, nesi kapena wamalonda wa mu Soweto sangaikwanitse. Choncho kugula sikorokoro ndi kuidzutsa pang'onopang'ono pakhomo ndi nzeru ndithu.

Pamene ndimasiyana nawo ndi pa kumene ndalama yoyamba imapita. Injini ikangolira, anthu ambiri amathamangira penti, marimu onyezimira, magalasi akuda, wailesi yogwedeza malata a aneba ndi magetsi a padenga. Mukafunsa za mabuleki, ati tidzaona, pakuti yagwira kale pa geti. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu n'chakuti motoka ikafika ku Zemba imaleka kukhala yanu nokha. Mayi wapakati akavutika usiku, a pa chipatala chaching'ono nanena kuti apite ku boma kapena ku St Francis ku Katete, ambulansi ili kwina, pakhomo pamene adzagogode ndi panu. Pakagwa maliro, bokosi ndi anamfedwa adzakwera momwemo. Nyengo yokolola mudzanyamula matumba a soya ndi nshawa, nyengo yobzala feteleza wa FISP. Kukana simungakane, mungatchuke mudzi wonse. Ndipo agogo amene akukwera aja sadzafunsa kuti mabuleki munawaona liti. Iwo aona motoka yowala ya mwana wawo wa ku tauni, basi akhulupirira. Amene ali pansi pa chimotoka ku Chawama ndi sipanala m'manja akukonzera anthu amenewa, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Ndiye tiyambire pati? Pa mapepala, ndalama isanachoke m'thumba. Onani white book, muyerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zadindidwa pa motokayo. Amene akugulitsa akhale mwini wake wolembedwa m'bukumo, kapena aonetse kalata yomveka. Kusintha dzina kumadutsa ku polisi, ku ZRA ndi ku RTSA, ndipo funsirani pomwepo ngati pali ngongole ya road tax ya zaka zimene motokayo yakhala pa njerwa. Injini kapena mtundu wa penti mukasintha, zolembedwa ku RTSA nazonso ziyenera kusinthidwa. Motoka yopanda mapepala mutha kuikonza miyezi 10, koma ulendo wake udzathera pa roadblock ya pa mlatho wa Luangwa. Safunsa anadya phula.

Mapepala akakhala bwino, gwadani muyang'ane pansi. Chasisi yodyeka ndi dzimbiri, yosweka, kapena yowotchereredwa mobisa pafupi ndi pomangira masipuling'i ndi bokosi la chiwongolero, imeneyo isiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji. Injini imagulika, giyabokosi imagulika, koma msana wothyoka suchira.

Ndalama yoyamba yeniyeni ipite ku mabuleki, chiwongolero ndi matayala. Motoka yokhala zaka osayenda imakhala ndi mapaipi a labala ouma, ndipo mafuta a mabuleki amakhala atayamwa madzi. Mafuta oterewa pa geti amagwira bwinobwino, koma pa mtsetse wautali amatentha n'kuwira, phazi n'kungomira mpaka pansi. Aliyense amene anadutsa mapiri a Manenekela, pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa, akudziwa kuti pamenepo si poyesera mwayi. Khetsani mafuta onse akale, sinthani mapaipi ong'aluka ndi mapadi, ndipo handibuleki igwire pa chitunda motoka itanyamula katundu.

Eni ma Prado a pakati pa 1996 ndi 2002 ndi ma Surf a zaka zomwezo asamale kwambiri ma ball joint a pansi. Akadyeka sachenjeza kwambiri, amangoguluka, tayala la kutsogolo n'kupindikira pansi pa motoka ikuthamanga. Apa musagule otchipa opanda dzina. Matayala nawonso ali ndi zaka zawo zolembedwa m'mbali: manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka, monga 2315 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2015. Tayala la zaka 10 likhoza kukhala ndi mano onse, koma labala wake anauma kale, ndipo pa tara wotentha wa mu Okutobala limaphulika. Motoka zimenezi ndi zazitali, tayala likaphulika matumba ali padenga sizichedwa kugubuduka.

Chachiwiri ndi kuzizira kwa injini. Injini ya 1KZ-TE, ya malita 3.0, imene ili m'ma Prado ndi ma Surf ambiri, ndi yolimba, koma ili ndi mbiri imodzi yoipa: ikatentha kwambiri mutu wake umang'aluka. Zimene zimaitenthetsa ndi zazing'ono, monga radiyeta yotsekeka ndi matope, fani yotopa, chivundikiro cha radiyeta chosagwira, ndi madzi a pachitsime m'malo mwa coolant. Amakanika ena a pansi pa mtengo amachotsa thermostat, ati kuno ku Africa kumatentha kale. Kumeneko ndi kubisa matenda. Tsukitsani radiyeta, sinthani mapaipi ofewa, muike thermostat yatsopano. Zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa mutu umodzi wa injini. Chitunda chochoka pa Luangwa kukwera ku Kacholola chidzakuuzani ngati munachita bwino.

Timing belt ya injini imeneyi imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. Mita ya motoka ya zaka 25 musaikhulupirire, ndipo mawu a wogulitsa akuti ndinasintha posachedwa muwalandire ngati moni chabe. Sinthani. Ikaduka injini ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni, ndalama ya chaka chonse n'kupita mu sekondi imodzi. Pajero ya 4D56 nayonso ndi ya lamba, pamene ya 4M40 ndi ya tcheni. Dziwani injini imene muli nayo musanapite kukagula chilichonse.

Chachitatu, tsimikizani kuti 4x4 ija ilipodi. Motoka zambiri zotchipa zinachotsedwa shafiti ya kutsogolo pamene ma CV joint anayamba kulira, ndipo chatsala ndi chilembo cha pa chitseko chakumbuyo. Mu tauni simudzazindikira. Mudzazindikira m'dambo, mvula ikugwa, wodwala ali kumbuyo. Iyeseni pa dothi musanalipire: lowetsani giya ya matayala anayi, yaikulu ndi yaing'ono, muone ngati a kutsogolo akukoka. Matayala onse akhale a saizi imodzi, ndipo ngati ndi motoka yofunika kuchita kulowetsa 4x4, muzichotsa mukafika pa tara, kuopa kupotokola giyabokosi. Mukawoloka mtsinje, onani oyilo wa mu difu. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, khetsani.

Posankha motoka yodzutsa, ganizaninso za kumene idzafere, chifukwa tsiku lina idzafa ndithu. Ku Zemba kulibe makina olumikiza ku kompyuta ya motoka. Kuli mnyamata wa masipanala, waya ndi nzeru zake. Injini zakale za dizilo zosadalira kwambiri kompyuta amazitha. Koma Bighorn ya injini ya 4JX1, imene mainjekita ake amayendera oyilo ndi magetsi, kapena Pajero iO ya GDI, zimenezi zimasowetsa mtendere ngakhale amakanika a mu Lusaka. Musanagule, yendani pa Panganani Road kapena ku Down Shops ku Chipata, mufunse mitengo ya pampu ya madzi, mapadi, mabushi ndi ma ball joint a motokayo. Ngati masitolo atatu akupukusa mutu, yankho mwalipeza. Sipeya imene mungaiike pa basi ku Intercity m'mawa n'kufika ku Katete madzulo ndi imene imasunga motoka yamoyo.

Ntchito zambiri zimatheka pakhomo: kusintha oyilo ndi masefa, mapadi, mabushi, mashoko, kutsuka thanki ya dizilo, kukonza mawaya amene makoswe anadya. Pochita zimenezi munthu amaidziwa motoka yake, ndipo imeneyi ndi phindu lalikulu la kukonza wekha. Koma pampu ya dizilo, mainjekita, kuyeza mutu wa injini ndi kuwongola matayala, zimenezi pitani nazo kwa amene ali ndi makina ake. Ndipo chonde abale, musalowe pansi pa motoka yolemera matani awiri itangotsamira pa jeke kapena pa mabuloko a simenti. Buloko limaphwanyika osapereka moni. Ikani zitsulo zoimikira kapena zipika zolimba, mutsekere matayala. Oyilo wakuda musathire mu ngalande kapena pafupi ndi chitsime, m'komboni madzi amenewo ndi omwe timamwa.

Ena adzati zonsezi n'zambiri, bola kugula njinga yamoto kapena kungokwera basi. Kwa anthu ambiri akunena zoona, ndipo masamu ake ndi osavuta. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chadiza ndi makilomita oposa 500, kupita ndi kubwera oposa 1,000. Motoka zimenezi zikayenda makilomita 10 pa lita imodzi ndiye kuti zachita bwino. Ulendo umodzi, tsono, ndi malita oposa 100. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo umene a ERB alengeza mwezi uno, muwonjezere matoll gate, inshuwalansi, fitinesi ndi road tax. Walira mvula walira matope. Ngati mtengo wogulira wamaliza ndalama zonse zimene muli nazo, simunagule motoka, mwagula khola la nkhuku lodula. Gawo lalikulu ndithu la ndalamazo liyenera kutsala m'thumba tsiku logula, chifukwa kutchipa kwa motoka yakufa ndi chikole chabe, mtengo weniweni umabwera pambuyo.

Palinso za pabanja, zimene zimapha motoka zambiri kuposa dzimbiri. Kawirikawiri a kumudzi amasonkhako ndalama za soya, a ku tauni naikapo za malipiro, popanda kugwirizana kuti dizilo azigula ndani, woyendetsa ndani, ali ndi laisensi kapena ayi, ikawonongeka alipira ndani. Chaka chimodzi chokha, motoka ija yachoka pa njerwa za ku Chawama n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango ku Zemba, abale osalankhulana. Khalani pansi musanaitumize. Onyamulitsa matumba azilipira kangachepe, ndalamayo izisungidwa ya oyilo ndi matayala. Ndipo ngati pali mphwanu kapena mdzukulu wokonda masipanala, CDF ya masiku ano ili ndi mabasale a maphunziro a ntchito za manja. Afunsire ku komiti ya wadi yake, akaphunzire umakanika ku Chipata Trades. Motoka yokhala ndi dokotala wake pamudzi imakhalitsa, ndipo mnyamatayo wapeza pogwira.

Mzere wake, tsono, ndi uwu: mapepala, chasisi, mabuleki ndi chiwongolero, matayala, kuzizira kwa injini, lamba, 4x4. Mukamaliza, pitani nayo ku fitinesi moona mtima, osati ya pansi pa tebulo, chifukwa pepala logula siliimitsa motoka pa mtsetse. Iyeseni maulendo afupiafupi, ku Chongwe ndi kubwerera, singano ya kutentha mukuiyang'ana, musanaike ana ndi katundu ulendo wa kum'mawa.

Penti abwere ndalama zikatsala. Ngati sizitsala, palibe chimene mwataya. Mukangosiya tara kulowera ku Zemba, fumbi la mu Ogasiti limapaka motoka zonse mtundu umodzi, ndipo mayi amene mudzamufikitse ku chipatala usiku wa mvula sadzakumbuka kuti chitseko chinali cha mtundu wina ndi boneti.