Sipeya yophwa si sipeya

Pali bodza lokoma limene likuyenda m'maofesi ambiri: "Tili ndi ma router awiri, netiweki yathu singagwe." Abwana asaina cheke, anyamata a IT ajambulitsa pafupi ndi makina atsopanowo, nkhani yathera pomwepo. Ine ndikuti ayi. Router yachiwiri imene simunaiyesepo ili ngati tayala la sipeya la minibasi: kondakitala amalumbira kuti lilipo, koma tsiku loponja mumalipeza lophwa.

Kagwiridwe kake si kovuta. Pa VRRP kapena HSRP, router imodzi imanyamula ntchito, inayo imangomvetsera uthenga wa inzake wakuti "ndikadali moyo". Uthengawo ukasiya, yodikirayo imatenga adiresi n'kupitiriza. Koma izi zimatheka pokhapokha yodikirayo ili bwino, config yake ikugwirizana ndi ya inzake, ndipo ili ndi magetsi akeake. Mukazilumikiza zonse pa extension imodzi ndi UPS imodzi, magetsi akathima zithandizana chiyani?

Chondinyansa kwambiri ndi mankhwala a matenda onse aja: "Ingozimitsa, uyatsenso." Pa foni yanu chitani zimenezo. Koma pa makina amene anyamula malipiro a anthu, kapena ndalama imene mayi akudikira pa foni kumudzi, kumeneko n'kusewera ndi moyo wa anzanu.

Musati ndikukokomeza. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6. Sanali ma hacker. Inali ntchito wamba yokonza: lamulo limodzi lolakwika linadula ma data centre onse, ndipo pulogalamu yoyenera kuliletsa inali ndi vuto. Zida zokonzera patali zinagwera limodzi, mainjiniya mpaka anachita kupita okha kumene kuli makinawo. Pa 8 July 2022, kampani ya Rogers ku Canada inasintha config pa netiweki yake yaikulu, anthu mamiliyoni n'kukhala opanda foni ndi intaneti, ena osatha ngakhale kuimba 911. Makampaniwa sanasowe zida ayi. Cholakwa chimodzi chinangofika pa zida zonse nthawi imodzi.

Ndiye lamulo ndi ili: musakhudze ziwiri pakamodzi. Sungani config kaye, muikopere kwina. Khalani ndi chingwe cha console, kuti netiweki ikagwa musatsekeredwe kunja. Yambani ndi yodikira: ikonzeni, iyatseni, dikirani, onani ngati yabwerera bwinobwino. Kenako samutsirani ntchito kwa iyo mwadala, inu muli maso, osati pomusolola mnzakeyo pulagi. Ikaonetsa kuti yanyamuladi katundu, m'pamene mungakhudze yoyamba ija. Ndipo musanayambe, lembani mmene mubwerere m'mbuyo zikavuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena ati: "Ndiye tingozisiya, chimene chikuyenda usachikhudze." Awa ndiye oopsa zedi. Makina osakonzedwa amadikira tsiku lake, ndipo tsikulo silikhala Lamlungu usiku. Limakhala kumapeto kwa mwezi, mzere uli mpaka panja.

Abwana, perekani maola awiri a usiku kuti achinyamatawa ayese sipeyayo mwadongosolo, ndipo muwalipire ovataimu yawo. Ngati maola awiriwo akukupwetekani, werengetsani mtengo wa tsiku lathunthu louza makasitomala kuti "netiweki yavuta, mubwere mawa."