Mbaula Yobwereka pa Nyumba ya Alendo

Anthu amene agona m'nyumba za alendo za mtengo wotsika ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke ambiri si oyenda ulendo wokondwerera ai. Ena adza kudzadwazika abale ao ku cipatala cacikulu ca Chipata kapena ku St Francis, ena ndi amalonda oyembekezera katundu, ndipo m'mwezi wa February ndi wa August adzaza zipinda ndi anthu opita ku Nc'wala ku Mtenguleni ndi ku Kulamba ku Mkaika. Munthu wotere akati adye m'nyumba yogulitsa cakudya katatu pa tsiku, ndalama ya ulendo wobwerera kwao ithera m'mbale. Cifukwa cace anyamula ufa, kapenta ndi kamphika, ndipo akangolandira kiyi wa cipinda afunsa za mbaula.

Mbaula inakwera ulemu m'caka ca 2024. Cilala citaononga mbeu, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lagwa m'tsoka. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo a ZESCO anayamba kuzimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku. Masitovu a magetsi anangokhala ngati matebulo, pamene kaciwiya ka malata kamene kale kanali kuponyedwa kuseri kwa khichini kanasanduka cinthu cocita kulimbirana.

Mwini nyumba amene alipiritsa mbaula salakwa. Mbaula ipangidwa ndi malata kapena cidutswa ca diramu, ndipo pansi pace pamene pakhala moto sipacedwa kubooka, makamaka alendo akamazimitsa makala ndi madzi, pakuti citsulo cotentha cikanyowa cicita dzimbiri msanga. Colakwika ndico kubisa mtengo. Mlendo alandira mbaula ndi manja awiri poyesa kuti ndi cifundo, tsono pa tsiku lonyamuka auzidwa kuti kuphika kuli konse kunali ndi mtengo wace, makala padera, ndi waya woocherapo nyama padera. Apo basi iri kuliza hutala pa siteshoni, ndipo munthu alipira mtima uli kuwawa. Mkangano wotere sungabuke ngati mtengo wa mbaula walembedwa pa pepala lomwelo lonena za mtengo wa cipinda, ndi kumasulira ngati ndi wa tsiku lathunthu, ngati makala ali momwemo, ndiponso ngati pafunika cikole.

Koma ndalama ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi cimene cicitika usiku m'miyezi ya June ndi July. Nsima itapsa, makala akali ngee, mlendo aona kuti kusiya moto panja ndi kutaya cimene walipira. Alowetsa mbaula m'cipinda, natseka citseko ndi zenera kuopa mphepo ndi akuba. Makala oyaka m'malo otsekeka atulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo sutsokomoletsa monga ucitira utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo ugwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200, kotero kuti ubongo ndi mtima ziyamba kusowa mpweya munthu ali kupuma ndithu. Amene ali maso amva mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka kwa miyendo, ndipo kawirikawiri aganiza kuti ndi malungo kapena kutopa kwa ulendo. Amene ali m'tulo samva kanthu. Makala ofiira amene aleka kufuka ndiwo anyenga anthu koposa, pakuti aoneka ngati moto woyera.

Mlendo sadziwa nyumbayo, sadziwa ngati cipinda ciri ndi tizibowo tolowera mphepo kapena tinatsekedwa ndi mapepala. Adziwa ndi mwini wace. Iye amene walandira ndalama ya mbaula ayenera kuonetsa malo ophikira panja kapena pa khonde, kupereka bulangeti laciwiri kwa womva mphepo, ndi kutuma mlonda kukasonkhanitsa mbaula zonse anthu asanagone. Kuwerenga mbaula madzulo sikutenga mphindi khumi.

Munthu akapezeka atakomoka m'cipinda muli mbaula, zitseko ndi mazenera zitsegulidwe, iye aturutsidwe panja msanga, ndipo atengedwe ku cipatala ngakhale atatsitsimuka. Kum'mwetsa mkaka, monga acitira ena, sikucotsa poizoniyo m'magazi, ndiponso munthu wokomoka angatsamwe nao. Cimene cim'thandiza ndi mpweya wa oxygen umene apereka ku cipatala.