MTENGO WA DZINO UNENEDWE POYERA

Alipo matenda amene munthu akhoza kupirira nawo kufikira atakolola, koma dzino silidikira masika. Likayamba kuwawa usiku, ngakhale mwamuna wolimba mtima abuula ngati mwana. Munthu wotere akafika ku cipatala colipira ca mano m'tauni alibe mphamvu yakutsutsana za mtengo; adzapereka ciri conse cimene amuuza. Cifukwa cace tiyenera kufunsa: kodi mitengo ya kumeneko iri yolungama?

Ena ati madotolo onse a mano ndiwo akuba. Mau amenewo ndiwakana. Mpando, makina oboolera dzino, mankhwala ocititsa dzanzi ndi zomatira dzino lofumbwa zicokera kunja, ndipo zigulidwa ndi ndarama zakunja. Pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, zonsezi zinakwera mtengo. Madotolonso ngocepa. M'caka ca 2019, pamene maphunziro a udotolo wa mano anayamba ku College of Medicine ku Blantyre mothandizana ndi University of Glasgow, dziko lathu la anthu oposa 17 miliyoni linali ndi madotolo a mano osakwana 50. Munthu amene anaphunzira zaka zambiri, nagula zipangizo zodula, sangagwire nchito kwaulere.

Mlandu uli pena. Wogulitsa usipa pamsika anena mtengo asanakulunge, ndipo pacigayo tidziwa ca kulipira cimanga cisanalowe. Koma m'zipatala zina mtengo udza pang'ono pang'ono: ca kuonana ndi dotolo, ca kujambula dzino, ca jekeseni, ca mankhwala, ndipo ciwerengero conse cinenedwa munthu ali ndi thonje m'kamwa, mlomo uli dzanzi. Nanga akane bwanji pamenepo? Abwerera kumudzi kukagulitsa mbuzi imene anasungira fizi ya mwana. Ngakhale mtengowo ukhale woona, kuubisa kwa munthu womva ululu ndiko kumcenjerera.

Coipa cina nci. Dzino lobooka likhoza kumatidwa kapena kuzulidwa, ndipo kawirikawiri kumata kuposa kuzula mtengo. Tsono dotolo wina ayang'ana zobvala za wodwala, namuuza za kuzula kokha, monga ngati wosauka safuna mano ace. Ku zipatala za boma salipiritsa, inde, koma kumenekonso zomatira zikasowa citsala ndi kuzula. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndipo lozulidwa silimeranso. Oyandikana nalo apendekera m'malo mwace, ndipo mai wa zaka 40 aleka nzimbe ndi cimanga cokazinga ngati nkhalamba. Kodi nkoyenera kuti mano akhale a olemera okha?

Tsono tipempha zinthu zinai, ndipo palibe cimodzi cofuna ndarama zakunja. Mitengo ilembedwe pakhoma m'cinenero cimene wodwala awerenga. Ciwerengero conse cinenedwe nchito isanayambe. Wodwala auzidwe njira zonse ndi mtengo wa iri yonse, kuti asankhe yekha. Ndipo alandire kalata yoonetsa cimene walipira. Bungwe la Medical Council of Malawi, limene lilemba madotolo m'kaundula, liumirize zimenezi. Dotolo woona mtima sadzataya kanthu. Wodana nazo adziulula yekha.

Ndipo inu abale, musacite manyazi kufunsa. Musanakhale pampando nenani, “Zonse pamodzi zikhala zingati? Kodi dzinoli silingamatidwe?” Pitani bowo likali laling'ono, pakuti likafika pamtsempha nchito ikula ndi mtengo womwe. Cepetsani shuga m'tiyi ndi maswiti kwa ana, ndipo tsukani mano m'mawa ndi pogona. Dotolo alandire zace, sitikana. Koma atiuze mtengo tikali okhoza kuyankha.