Wakuba wa pa lamya amadalira "inde bwana" wathu

Abale anga, ndi liti pamene munthu anawina mpikisano umene sanalowe? Funsoli likumveka lachibwana, komatu tsiku ndi tsiku a Malawi akutumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba kwa anthu osawadziwa, ati kuti akalandire mphotho ya galimoto kapena malata. Ena akulipira "ya fomu" pofuna ntchito ya kunja imene angoiona pa Facebook. Enanso ali m'magulu a pa WhatsApp momwe akuuzidwa kuti K20,000 ibereka K100,000 sabata isanathe.

Ndalama sibereka ngati mbira. Olowa poyamba amalipidwa ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo tsiku limene atsopano achepa, mwini gulu amazimitsa lamya, zii. Umu ndi m'mene Sergei Mavrodi anasaukitsira anthu a ku Russia ndi MMM yake mu 1994, ndipo MMM yomweyo inadzaliritsa anthu ku Zimbabwe mu 2016.

Ena amati obedwa ndi adyera. Ine ndikukana. Munthu amene malipiro ake anasungunuka pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akamagwira udzu uliwonse, limenelo si dyera. Chimene wakuba amadalira kwambiri ndi mantha athu. Tamverani m'mene amayankhulira: "Ndine bwana wa ku likulu, nambala yanu itsekedwa pakatha ola limodzi, tiuzeni nambala yanu yachinsinsi msanga." Sapempha ayi, amalamula. Ndipo ife, mbadwa za dziko limene munthu ankaletsedwa kulowa mumsika ngati alibe khadi la chipani, timangoti "inde bwana".

Makolo athu atavotera nyali pa 14 June 1993 anatigulira ufulu wofunsa kuti "ndinu yani?" Ufulu umenewu si wofunsira nduna ndi aphungu okha. Dulani lamya, muimbe nokha ku kampaniyo kapena mupite ku ofesi yake. Akakuuzani kuti mwana wanu wakomoka kusukulu, imbani kaye kwa aphunzitsi ake. Nambala yachinsinsi ndi yanu nokha, ngakhale wogwira ntchito ku kampani ya lamya alibe nayo gawo. Wakuba amadana ndi mphindi zisanu zoganiza, n'chifukwa chake amakuthamangitsani.

Koma boma nalo lisabisale kuseri kwa malangizo. Mu 2018 tinaima pa mizere, chitupa cha unzika m'manja, kulembetsa manambala athu, ndipo tinauzidwa kuti akuba atheratu. Nanga manambala amene akutiberawa analembetsedwa m'dzina la yani? Lamulo loona za pa intaneti lilipo kuchokera mu 2016, ndipo taona liwiro lake pamene munthu walemba zonyoza mtsogoleri pa WhatsApp: apolisi amafika pakhomo tambala asanalire. Mayi wogulitsa tomato akabedwa mpamba wake wonse, amamva zoti "tikufufuza, mubwere mawa".

Si chinsinsi kuti ambiri mwa mauthenga abodzawa akhala akuchokera m'ndende, makamaka ya Zomba, ndipo chipikisheni chikachitika kumeneko malamya amapezeka. Mkaidi satuluka kukagula lamya ku msika. Akuluakulu a ndende atiuze amene amawalowetsa pa chipata, ndipo aphungu athu aitanitse yankho limeneli m'Nyumba ya Malamulo, dziko lonse likumva.