Kuzengereza ndi kusinthasintha maganizo kwadyera Britain ndalama zankhaninkhani pogula zida zankhondo

Dziko la Britain ndi limodzi mwa maiko omwe amaika ndalama zochuluka kwambiri pa chitetezo, koma chiwerengero cha sitima zake zankhondo zapamadzi ndi ndege zankhondo chakhala chikutsika kwa zaka zoposa 25. M'chaka cha 1998 boma la dzikolo lidati asilikali ake apamadzi akufunika sitima 32 zoperekeza ndi kuteteza sitima zina pankhondo, koma pofika m'chaka cha 2025 sitima za mtunduwu zidatsala 14 zokha.

Anthu ambiri amaganiza kuti gwero la vutoli ndi kuchepa kwa ndalama. Komatu mbiri ya momwe dzikolo lidagulira sitima ndi ndege zake ikusonyeza kuti mbali yaikulu ya vutoli yagona pa kuzengereza komanso kusintha maganizo ntchito itayamba kale. Nthawi iliyonse yomwe boma lachedwetsa ntchito kapena kuchepetsa chiwerengero cha zida pofuna kupulumutsa ndalama za chaka chimodzi, mtengo wa chida chilichonse wakhala ukukwera, ndipo mapeto ake dzikolo lalipira zambiri n'kulandira zochepa.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi sitima ziwiri zikuluzikulu zonyamula ndege zankhondo, HMS Queen Elizabeth ndi HMS Prince of Wales. Ganizo lomanga sitimazi lidabwera m'chaka cha 1998 pamene boma la a Tony Blair lidaunika za chitetezo cha dzikolo motsogozedwa ndi nduna ya zachitetezo ya panthawiyo, a George Robertson. Padatenga zaka khumi kuti mgwirizano womanga sitimazi usainidwe, m'mwezi wa Julayi 2008, ndipo boma lidati ntchito yonse idya ndalama pafupifupi £3.9 biliyoni. Sitima iliyonse ndi yolemera matani pafupifupi 65,000 ndipo ndi yaitali mamita 280. Zigawo zake zidapangidwa m'madoko osiyanasiyana a dzikolo n'kukalumikizidwa ku Rosyth, ku Scotland.

Patangotha miyezi isanu chisainireni mgwirizanowo, mavuto a zachuma omwe adagwedeza dziko lonse m'chaka cha 2008 adachititsa boma la a Gordon Brown kulamula kuti ntchitoyo iziyenda pang'onopang'ono. Cholinga chidali kupulumutsa ndalama zokwana £450 miliyoni m'zaka zinayi zoyambirira. Koma amisiri, madoko ndi makina zimafuna kulipiridwa ngakhale ntchito ikuchedwa, ndipo bungwe lofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma m'dzikolo, la National Audit Office, lidapeza kuti kuchedwetsako kudaonjezera ndalama zoposa £1.5 biliyoni pa mtengo wa sitimazo.

Boma la a David Cameron litalowa m'chaka cha 2010, lidapeza kuti kuthetsa mgwirizano wa sitima yachiwiri kukadadya ndalama zambiri kuposa kuimanga. Pofuna kupeza pochepetsera, lidapumitsa sitima yonyamula ndege ya HMS Ark Royal pamodzi ndi ndege zonse za mtundu wa Harrier, zomwe zidathandiza kwambiri pa nkhondo ya kuzilumba za Falklands m'chaka cha 1982. Ndege 72 za mtunduwu zidagulitsidwa ku America m'chaka cha 2011 pa mtengo wa $180 miliyoni kuti azikachotsako zipangizo zokonzera ndege zawo.

Boma lomwelo lidasinthanso mtundu wa ndege zomwe zidzanyamuke pa sitima zatsopanozo. Poyamba Britain idasankha ndege ya ku America ya F-35B, yomwe imanyamuka itathamanga kamtunda kakafupi ndipo imatera mongotsika ngati helikopita. M'chaka cha 2010 boma lidasankha F-35C, yomwe imauluka mtunda wautali ndi kunyamula zida zambiri, koma imafuna makina oiponyera m'mwamba ponyamuka komanso zingwe zoikola potera. Mtengo woika makinawo pa sitima imodzi yokha utakwera kufika pafupifupi £2 biliyoni, nduna ya zachitetezo, a Philip Hammond, idalengeza m'mwezi wa Meyi 2012 kuti dzikolo labwerera ku F-35B. Bungwe la National Audit Office lidati kupita ndi kubwererako kudataitsa £74 miliyoni. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Pofika m'chaka cha 2013 mtengo wa sitima ziwirizo udafika pa £6.2 biliyoni. HMS Queen Elizabeth idalandiridwa m'gulu la asilikali apamadzi m'mwezi wa Disembala 2017, ndipo inzake idatsatira m'mwezi wa Disembala 2019. Kwa zaka pafupifupi khumi, dziko lomwe kale lidali ndi gulu lamphamvu koposa la sitima zankhondo lidakhala lopanda ndege yankhondo yonyamuka panyanja. Pa nkhondo ya ku Libya m'chaka cha 2011, France idagwiritsa ntchito sitima yake ya Charles de Gaulle, pamene ndege za Britain zinkanyamukira ku Italy, zina mpaka kwawo kwenikweni ku Norfolk.

Sitima zitafika, ndege zidali zisadakwane. M'chaka cha 2015 boma lidati lidzagula ndege 138 za F-35, koma gawo loyamba lomwe lidaitanitsa lidali la ndege 48 zokha, pamene sitima imodzi imatha kunyamula ndege 36. Pa ulendo wake woyamba wopita ku Asia m'chaka cha 2021, HMS Queen Elizabeth idanyamula ndege 18, ndipo khumi mwa izo zidali za asilikali a ku America. Imodzi mwa ndege zisanu ndi zitatu za Britain idagwera m'nyanja ya Mediterranean m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho. M'mwezi wa Ogasiti 2022 HMS Prince of Wales idaonongeka chitsulo chozunguza mapiko oyendetsa sitima itangochoka padoko la Portsmouth, ndipo idatha miyezi yambiri ikukonzedwa ku Rosyth. Mpaka m'chaka cha 2025 ndi pamene sitimayi idanyamula ndege 24 za Britain yekha pa nthawi imodzi.

Zoterezi zidachitikanso ndi sitima za mtundu wa Type 45, zomwe ntchito yake ndi kuteteza sitima zonyamula ndege ku mizinga ndi ndege za adani. Boma lidakonza zogula sitima 12, lidatsitsa kufika pa zisanu ndi zitatu m'chaka cha 2004, kenaka zisanu ndi imodzi m'chaka cha 2008, koma ndalama zonse zidapitirira £6 biliyoni. Sitimazi zitayamba ntchito, zidapezeka ndi vuto lothima magetsi, makamaka m'nyanja zotentha monga za ku Gulf. M'chaka cha 2018 boma lidasaina mgwirizano wa £160 miliyoni wochotsa majenereta awiri m'sitima iliyonse ndi kuikamo atatu, ntchito yomwe imafuna kuboola thupi la sitima. Posowa sitima zapadera zolowa m'malo, kukonza imodzi kumachepetsa kwambiri mphamvu za gulu lonse.

Kumbali ya asilikali a mumlengalenga, Britain idagwirizana ndi Germany, Italy ndi Spain kupanga ndege ya Eurofighter Typhoon, yomwe idayamba ntchito m'chaka cha 2003. Dzikolo lidakonza zogula ndege 232 koma lidagula 160, ndipo lipoti la National Audit Office la m'chaka cha 2011 lidati mtengo wa ndege imodzi udakwera ndi 75 peresenti. Ndege yolondera panyanja ya Nimrod MRA4 idathetsedwa m'chaka cha 2010 itadya kale ndalama zoposa £3 biliyoni, ndipo zomwe zidapangidwa zidaphwanyidwa osagwirapo ntchito. Patapita zaka, dzikolo lidagula ndege zisanu ndi zinayi za P-8 Poseidon ku kampani ya Boeing ya ku America kuti zigwire ntchito yomweyo.

Chomwe chimachititsa kuti mtengo uzikwera chonchi n'chosavuta kumvetsa. Ndalama zojambulira mapulani, kuyesa ndi kukonza fakitale zimakhala zofanana kaya munthu agula sitima 12 kapena zisanu ndi imodzi. Chiwerengero chikatsika, ndalamazo zimagawidwa pa zida zochepa. Lipoti lomwe a Bernard Gray adalembera boma m'chaka cha 2009 lidapeza kuti ntchito zogula zida zinkachedwa ndi zaka pafupifupi zisanu ndipo mtengo wake unkakwera ndi 40 peresenti. Lipotilo lidasonyeza kuti magulu a asilikali apamtunda, apamadzi ndi a mumlengalenga amapikisana kulowetsa zofuna zawo mu bajeti pa mtengo wooneka wotsika, podziwa kuti ntchito ikayamba n'kovuta kuithetsa. Kuonjezera apo, zida zogula ku America zimalipiridwa m'madola, choncho paundi ikagwa, monga idachitira m'chaka cha 2016, mtengo umakwera.

Ngakhale zili choncho, omwe amaikira kumbuyo ndondomeko yomanga zida m'dziko momwemo ali ndi mfundo zogwira mtima. Madoko a ku Glasgow ndi Rosyth komanso mafakitale a ndege a ku Lancashire amalemba ntchito anthu zikwizikwi, ndipo luso lotere likatha silibwerera msanga. Makampani a ku Britain amapanga pafupifupi 15 peresenti ya ndege iliyonse ya F-35 yogulitsidwa padziko lonse. Mapulani a sitima zatsopano za Type 26 adasankhidwa ndi Australia ndi Canada, ndipo m'mwezi wa Ogasiti 2025 Norway idagwirizana zogula sitima zosachepera zisanu pa mtengo wa £10 biliyoni. Sitima ya Type 45 ya HMS Diamond idagwetsa ndege zopanda woyendetsa za zigawenga za Houthi pa nyanja ya Red Sea m'zaka za 2023 ndi 2024, zomwe zidasonyeza kuti zidazi zikakhala bwino zimagwira ntchito yake. Chomwe chikudandaulitsa ndi kuchepa kwake ndi nthawi yomwe zimatenga kuti zifike.

Funso lotsala ndi lakuti ndani akulipira. M'mwezi wa Disembala 2023 bungwe la National Audit Office lidati ndondomeko ya zaka khumi yogulira zida idali yoperewera ndi £16.9 biliyoni. M'mwezi wa Febuluwale 2025, nkhondo ya Russia ndi Ukraine ili mkati, nduna yaikulu a Keir Starmer adalengeza kuti ndalama za chitetezo zikwera kufika pa 2.5 peresenti ya chuma cha dzikolo pofika m'chaka cha 2027, ndipo zichokera ku thumba lothandizira maiko osauka, lomwe adati litsika kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti. Nduna yoona za chitukuko cha maiko akunja, mayi Anneliese Dodds, adatula pansi udindo posagwirizana ndi ganizolo. Ndalama zochotsedwazo ndi pafupifupi £6 biliyoni pa chaka, zomwe zikufanana ndi mtengo wa sitima ziwiri zonyamula ndege zija. Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe kwa zaka zambiri akhala akulandira thandizo la Britain pa zaumoyo ndi maphunziro, choncho kayendetsedwe ka ndalama za zida ku London kali ndi zotsatira zake m'zipatala ndi m'sukulu za kuno.

Ntchito zomwe zili kutsogolo ndi zazikulu kuposa zam'mbuyomu. Britain, Italy ndi Japan adagwirizana m'chaka cha 2022 kupanga ndege yatsopano yolowa m'malo mwa Typhoon pofika m'chaka cha 2035. Kauniuni wina wa zachitetezo, yemwe adatuluka m'mwezi wa Juni 2025 motsogozedwanso ndi a George Robertson, adabweretsa ganizo lomanga sitima zoyenda pansi pa madzi zofika 12, ndipo mwezi womwewo boma lidalengeza zogula ndege 12 za F-35A zotha kunyamula mabomba a nyukiliya.

Kuonjezera ndalama pakokha sikungathetse vuto lomwe a Gray adaliona m'chaka cha 2009. Ngati boma silitchula mtengo weniweni pachiyambi, ndipo ngati maboma otsatira apitiriza kuchedwetsa ntchito ndi kudula chiwerengero pofuna kutseka mipata ya bajeti ya chaka chimodzi, ndalama zatsopanozi zikhoza kuthera kulipira kuchedwa monga zidachitikira ndi sitima za ku Rosyth, ndipo okhoma msonkho a ku Britain pamodzi ndi maiko omwe thandizo lawo ladulidwa ndi omwe adzasenze mtolowo.