Mukandiona Ndikutuluka Thukuta mu Juni, Musaseke

Anzanga, ambiri mukukumbukira zomwe zinachitika pa asembule teremu yatha. Kunali chisanu chathu chija cha kuno ku Dedza, chifunga chitaphimba phiri, aliyense manja m'thumba, koma ine thukuta lili kamukamu. Ndinayamba kunjenjemera, lilime linalemera, kenaka ndinangokhala pansi pafumbi. Ena munati ndasuta chamba. Ena munati ndi majini. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Wayamba sewero ameneyo!" Amene anandithandiza ndi mtsikana wina yemwe nthawi imeneyo anali Fomu 1. Agogo ake amadwala shuga, ndiye anazindikira msanga. Anathamangira kwa amayi ogulitsa mandasi pageti n'kubwera ndi kapu ya madzi osungunuliramo shuga. Pasanathe mphindi 15 ndinali nditadzuka. Manyazi okha ndi amene anatenga masabata kuti athe.

Lero ndalimba mtima kuti ndinene ndekha. Ndili ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, omwe kuchipatala amati Type 1. Anandipeza nawo ndili Sitandade 6, nditayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku ndi kuwonda ngakhale ndinkadya bwino. Sindinawatenge chifukwa chokonda maswiti ayi, ndipo sapatsirana, ndiye musaope kubwereka cholembera changa. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimawononga tizigawo ta kapamba timene timapanga insulin. Popanda insulin, shuga wochokera mu nsima kapena kachewere amangodzaza m'magazi osalowa m'minofu kukagwira ntchito. N'chifukwa chake ndimadzibaya jekeseni m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse. Kwathu kulibe filiji, ndiye kabotolo kanga kamakhala mu mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa.

Vuto ndi lakuti insulin ukangobaya, imagwira ntchito basi. Siyifunsa ngati phala linali lokwanira kapena ngati wakwera chitunda kwa ola lathunthu pobwera kusukulu. Shuga akatsika kupitirira 3.9 pa kamakina koyezera, kapena 70 pa makina ena, mutu umayamba kusokonekera, ndipo munthu atha kukomoka. Akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete. Kuti ndidziwe pomwe ndili, ndimadzibaya chala n'kudontheza magazi pa kapepala koyezera. Koma timapepalato n'towerengeka, ndiye ndimayeza kamodzi kapena kawiri patsiku. Zili ngati kungomva zigoli za Bullets ndi Wanderers mpira utatha, osadziwa kuti masewero anayenda bwanji. Zomwe zimachitika 2 koloko usiku ndili mtulo, kapena pakati pa phunziro la masamu, palibe amaziona.

Apa ndi pamene pakubwera nkhani ya kachipangizo kamene azachipatala amakatcha CGM. N'kakang'ono, kamamatidwa pamkono kapena pamimba, ndipo kali ndi kaulusi kopyapyala kolowa pansi pa khungu. Kamayeza shuga m'timadzi ta pansi pa khungupo usana ndi usiku n'kumatumiza manambala ku foni kapena ku kamakina kake. Ka mtundu wa Dexcom G6 kamayeza mphindi 5 zilizonse, kutanthauza ka 288 patsiku, ndipo kamasinthidwa pakatha masiku 10. Ka FreeStyle Libre kamakhala masiku 14. Chomwe chimandisangalatsa ine si manambala okha. Kamaonetsa kamuvi koloza komwe shuga akulowera, kaya akukwera kaya akutsika, ndipo ena mwa iwo amalira shuga akayamba kugwa. Ndikanakhala nako tsiku lija, bwenzi nditadya kanthu ndisanafike n'komwe pamzere wa asembule.

Mwina mukuti izi n'za ku Ulaya. Ayi ndithu. Mu 2022, m'boma la Neno, madokotala a pachipatala cha Neno ndi cha Lisungwi, mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, anayesa tizipangizoti kwa miyezi itatu pa anthu odwala shuga wa mtundu wangawu. Neno ndi kumudzi, kumapiri, misewu yake yovuta kuposa yathu. Anapeza kuti n'zotheka anthu a kumudzi kutigwiritsa ntchito. Nanga ngati ku Neno zinatheka, ku Linthipe, ku Lobi kapena ku Bembeke zingakanike bwanji?

Ndikudziwa chomwe asala athu a Social Studies anganene, ndipo sakunama: ndalama. Tizipangizoti timachokera kunja, timagulidwa ndi madola, ndipo kamodzi kakatha masiku ake kamatayidwa. Foni kapena kamakina kake kamafuna kutchaja, pomwe midzi yathu yambiri ilibe magetsi. Komanso kachipangizoka sikachiza, ndipo sikalowa m'malo mwa jekeseni. Ine ndemwe ndikuvomera kuti choyamba ndi insulin yosasowa, masirinji ndi timapepala toyezera tokwanira. Munthu sagula belu la njinga asanagule matayala.

Komabe sindikuvomera kuti tizingoti "n'zodula" n'kutseka nkhani. Insulin nayonso inayamba ngati chinthu cha anthu ochepa. Frederick Banting ndi Charles Best anaitulukira ku Toronto, dziko la Canada, mu 1921, ndipo woyamba kubayidwa mu Januwale 1922 anali Leonard Thompson, mnyamata wa msinkhu wa anzathu a Fomu 1. Isanabwere, mwana wopezeka ndi matendawa sankakhala nthawi yaitali. Lero yafika mpaka mu mtsuko wa kwathu. Maganizo anga ndi akuti Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe othandiza ayambe pang'ono: ana asukulu ndi anthu omwe shuga wawo amagwa usiku osazindikira. Ngakhale kungovala kachipangizoka masabata awiri pakapita miyezi ingapo kungathandize adokotala kuona pomwe mlingo wa insulin ukulakwika. Kugoneka munthu m'chipatala atakomoka, kapena kusamalira amene impso zafa, nakonso si kotchipa.

Koma tinene zoona, kachipangizoka sikafika mawa. Pakadali pano chomwe ndili nacho pasukulu pano ndi maso anu. Ndiye chonde gwirani izi. Mukandiona, kapena mukaona wina aliyense wodwala shuga, akutuluka thukuta kukuzizira, akunjenjemera, akuyankha zosagwirizana kapena wapsa mtima popanda chifukwa, musayambe mafunso ambiri. Ngati akutha kumeza, mupatseni madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, kapena theka la botolo la Fanta, kapena maswiti angapo. Dikirani mphindi 15. Ngati sizikusintha, bwerezani. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni, kaya chitumbuwa kaya mbatata. Koma ngati wakomoka, musamuthire chilichonse m'kamwa, atha kutsamwa. Mugonekeni cham'mbali, itanani aphunzitsi, ndipo apite naye kuchipatala msanga, osati kwa asing'anga.

Kwa aphunzitsi athu ndi ahedi, pempho langa ndi laling'ono. Mukandiona ndikutafuna kanthu m'kalasi, si mwano. Mundilole kutuluka ndikapempha, ndipo mu ofesi muzikhala kapaketi ka shuga kosungira zadzidzidzi, kosathira mu tiyi. Kwa maprifekiti, maswiti a m'chikwama changa musalande, ndi mankhwala amenewo.

Pa 14 Novembala dziko lonse limakumbukira matenda a shuga, chifukwa ndi tsiku limene Banting anabadwa. Ndikupempha kalabu ya zaumoyo kuti chaka chino itipatse mphindi 10 pa asembule, pamalo pomwe ndinagwera paja, ndidzakuonetseni kamakina kanga ndi mmene ndimayezera. Amene muli ndi mafunso, ndipezeni pa buleki. Kufunsa sindikana, kunong'onezana kumbali ndiye kumandiwawa.

Ndipo kwa iwe mchemwali wanga wa kapu ya madzi ija, zikomo kwambiri.

Ndine mnzanu wa mu Fomu 3