Kandimverere M'bwalo la Milandu

Akhristu anzathu, masiku ano pali mawu amene akumveka m'masukulu a zamalamulo ndi m'maofesi a maloya, onena kuti nthawi yosanthula mabuku idatha, popeza makina oyankha mafunso ngati munthu, monga ChatGPT, angathe kulemba nkhani yonse ya mlandu munthu asanamalize kumwa tiyi. Ife tikukana mawu amenewa, ndipo tili nazo zifukwa.

M'chaka cha 2023, m'khoti la ku New York, pa mlandu wa Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca, maloya adapereka kwa woweruza chikalata chotchula milandu 6 yakale ngati maziko a pempho lawo. Atafufuza, kudapezeka kuti milandu yonseyo siidachitikepo pansi pano. ChatGPT ndiye adaipeka, pamodzi ndi mayina ake ndi zigamulo zake. Woweruza P. Kevin Castel adawalipitsa madola 5,000. Mu Januwale 2025 zofanana zidaoneka ku Pietermaritzburg, ku South Africa, kumene pa milandu 9 yotchulidwa, iwiri yokha ndiyo idapezeka kuti ilipodi. Mu Juni chaka chomwecho khoti lalikulu la ku London lidachenjeza maloya kuti wopereka milandu yopeka angathe kuzengedwa mlandu iye mwini. Akulu adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Nanga bodzali lichokera kuti? Makinawa adadyetsedwa zolembedwa zosawerengeka, ndipo ntchito yake ndi kulosera liwu loyenera kutsata linzake. Amadziwa maonekedwe a chigamulo, koma sadziwa ngati chigamulocho chidaperekedwadi. Tsono malamulo a maiko amenewa, ngakhalenso athu kuno ku Malawi, amatsamira pa zimene oweruza akale adagamula. Kupeka mlandu umodzi wakale ndi kuikira umboni wonama, tchimo lomwe Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limaletsa.

Chomvetsa chisoni koposa nchakuti loya wa ku New York uja, pofuna kutsimikiza, adafunsa makina omwewo ngati milanduyo idali yoona, ndipo makina adavomera. Taganizani za mneneri Daniele, pa mutu 13 wa buku lake. Pamene akulu awiri adanamizira Suzana, Daniele sadawafunse ngati akunena zoona. Adawapatula, nafunsa aliyense payekha dzina la mtengo umene adamuonera pansi pake, ndipo bodza lidaululika. Imeneyi ndiyo ntchito ya munthu wa malamulo: kukayika, kufufuza, kuyesa umboni.

Ena atiyankha kuti makinawa athandiza amphawi amene alibe ndalama zolipira loya, ndiponso kuti m'chaka cha 2023 GPT-4 adakhoza mayeso a uloya a ku America. Sitikana kuti chida chili ndi ntchito yake. Khasu nalonso ndi chida. Koma kukhoza mayeso si kukhala ndi chikumbumtima. Makina salumbira, sachita manyazi, sangalangidwe, sangalape. Mlandu ukaonongeka, amene ataya munda ndi mayi wamasiye, amene agona m'ndende ndi mnyamata wosalakwa. Mphawi ndiye woyamba kupatsidwa uphungu wotsika mtengo umene palibe adaufufuza. Nchifukwa chake chikalata cha ku Vatican chotchedwa Antiqua et Nova, chotuluka mu Januwale 2025, chiphunzitsa kuti udindo wa zimene makina achita ukhalabe pa munthu.

Mantha athu aakulu ali pa ophunzira. Wophunzira amene atuma makina kumuwerengera zigamulo ndi kumulembera mayankho adzalandira digiri, koma sadzakhala nalo diso lozindikira chabodza. Adzayesa bwanji ntchito ya makina iye amene sadaigwirepo ntchitoyo ndi mutu wake? Ndipo mwa ophunzira a lerowa ndimo mudzatuluka oweruza athu a mawa.

Tsono inu aphunzitsi a zamalamulo, yesani ana pakamwa, maso ndi maso, kuti afotokoze okha zimene alemba. Inu maloya, musasayine chikalata chotchula mlandu umene simudauwerenge ndi maso anu. Ndipo inu makolo amene mwagulitsa mbuzi ndi fodya kuti mwana aphunzire malamulo, mufunseni pa tchuthi kuti wawerenga milandu ingati yekha. Pa tsiku lomaliza Ambuye sadzaitana makina ku bwalo lao, adzaitana ife.